Nsungwi Pamwamba pa Khomo

"Kodi chitseko chimakula, bambo a Thoko? Ndikufunsa inu. Chitseko cha matabwa ouma chimakula ngati mwana?"

Luka sanadzutse mutu. Chitseko anali atachigoneka pa mabenchi awiri pabwalo, puleni yobwereka ili m'manja, utuchi uli mbuu m'tsitsi ndi m'nsidze. Aka kanali kachitatu kuchizula ndi kuchipala kumutu kwake chilowereni m'nyumbamo mu Juni. Ulendo uliwonse chinkatsekeka bwino masabata awiri, kenako n'kuyambanso kukakamira.

"Ndi chinyezi, mayi a Thoko. Matabwa amafufuma."

"Chinyezi mu Okutobala? Dzuwa ili, loti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa? Dzulo Thoko wakhala ola lathunthu m'nyumba akukoka chitseko, Mercy akulira kumsana kwake, ine ndili kuthandala kuyanika usipa. Anachita kutseguliridwa ndi anthu odutsa, ndi phewa."

Luka anaika puleni pansi.

"Ndiye mukufuna ndinene chiyani? Zimene mukuzidziwa kale? Chabwino. Chitseko sichikukula. Nyumba ndi imene ikutsika. Tsopano ndiuzeni, anamanga ndani?"

"Musayambe."

"Mwayamba ndinu. Anamanga ndani?"

"Amalume amanga nyumba zambiri kuno. Tchalitchi chija anamanga ndani? Chagwa?"

"Kutchalitchi ankawayang'anira ndi komiti ya anthu khumi ndi awiri. Ine ndinali pamwamba pa lole ndi matumba a usipa, kuthamangira ku Lilongwe kuti simenti isathe. Wotsala pano kuyang'anira munali inu."

"Ndiye ine ndikanawaimirira kumsana amalume anga, n'kumawawerengera mafosholo? Anthu akanati ndapenga."

Apa mkangano unafika pamene unkafika masiku onse, n'kuima. Eveles ankafuna mwamuna wake avomere kuti nyumba ikudwala, koma asatchule dzina. Luka ankati akavomera, dzinalo alitchula basi. Ndipo kwathu kuno, kumtunda kwa Chipoka, dzina la a Pitala silitchulidwa chisawawa. Iwo ndi mmisiri wa njerwa, iwo ndi malume ake a Eveles ndiponso mwini mbumba, malo amene nyumbayo yaimapo anachita kuloza ndi iwo, ndipo nkhoswe ya banjali ndi iwo omwe. Luka ndi mkamwini wochokera ku Chitala. Mpamba wake wonse wa usipa unalowa m'nyumba ya zipinda zitatuyo, koma pamalopo mawu ake ankapepuka kuposa utuchi umene unali m'mutu mwakemo.

Chakumasana kunatulukira a Latif, mmisiri wokhoma maboti kugombe, kudzatenga puleni yawo. Ndi munthu wosayankhulayankhula, pensulo sichoka kukhutu. Anapereka moni, anayang'ana chitseko chofupikitsidwacho, kenako anakaima pakhomo n'kupenya m'mwamba kwa nthawi yaitali. Thabwa la pamwamba la felemu linali litapindika pakati.

"Mayi, ndibwerekeni mpando."

Anakwera, anagogoda lintala, mtanda wa simenti umene umanyamula khoma pamwamba pa khomo. Anagogodanso. Kenako anatulutsa tchizulo m'thumba n'kutema pang'ono. Pulasitala inagwa, mchenga unayoyoka pa mapazi awo, ndipo m'katimo munaoneka kanthu kachikasu.

"A Luka, takwerani muone nokha, mungati ndikukunamizani."

Luka anakwera. Anakhudza ndi chala. Inali nsungwi, yong'ambidwa bwinobwino pakati, itagona pamene panayenera kugona chitsulo.

"Ndinagula zitsulo zisanu ndi chimodzi ku boma," anatero. "Ndinazimanga ndekha pa lole. Zinanditupitsa phewa."

"Ine za njerwa si zanga, ndine wa matabwa," anatero a Latif. "Koma nsungwi ndimaidziwa." Anatola msomali n'kukanda pakati pa njerwa ziwiri. Msomali unalowa wonse. "Mchenga uwu simenti anangoununkhiza. Komanso ndi wa kugombe, wosalala uja, sugwira. Ndikuuzeni china, a Luka, musakwiye. Chitseko mumapalachi chimakuthandizani. Mukatseka, khoma limatsamira pa icho. Inu mumati mukukonza, koma mumalipatsa malo oti litsikire."

Anazungulira nyumba yonse, Luka ali pambuyo, Eveles ali chapatali atagwira chitenje kukamwa. Kuseri, pa chipinda chogona ana, mng'alu unayambira pa windo mpaka pa ngodya. Chala cha a Latif chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri.

"Chipinda choipitsitsa ndi ichi. Dothi la pano ndi makande, likamwa madzi limatukumuka n'kukankha. Mvula yoyamba khoma ili lingapirire. Yachiwiri, Allah ndiye akudziwa. Ana asagonemo."

Asanachoke anadula mtengo wa bulugama n'kuuimika pakati penipeni pa khomo, kuchirikiza lintala. Chitseko sichikanabwereranso, ndiye anapachikapo mkeka. Kuyambira tsikulo aliyense wolowa kwa Eveles ankalowa chammbali, atakokera mimba m'kati. Pofika Lamlungu, amayi a pamjigo anali ataipatsa kale dzina, nyumba yoyendera ndodo.

Luka anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu, ali kugombe pakati pa anzake ogula usipa, wina anamufunsa mwachipongwe ngati nyumba yake yayamba kuyenda yokha. Pakamwa panatseguka. Mawu akuti wakuba anatuluka, ndipo anakafika kwa a Pitala Luka asanamalize n'komwe kumanga thumba.

Nkhani ya banja imakambidwa ndi ankhoswe. Nkhoswe ya Luka inatumiza uthenga kuchokera ku Chitala kuti thiransipoti yakwera, akambe okha, iwo avomereza zonse. Choncho Loweruka m'mawa anakhala anthu atatu kuseri kwa okala ya a Pitala: eni ake pa mpando wa pulasitiki, Luka pa njerwa, Eveles pa mphasa. Mawindo awiri a okalayo anali ndi zitsulo zatsopano zotchingira akuba, zopakidwa penti wobiriwira.

"Ana inu," anayamba a Pitala, akupukuta magalasi ndi malaya, "ine ndakhala pano ngati nkhoswe. Za umisiri tizisiye kaye pambali. Mlandu umene wandipeza ndi wa pakamwa pa akamwini."

"Pepani amalume, nkhani ndi nsungwi."

"Nsungwi yalakwanji? Nkhokwe imanyamula chimanga ngolo zisanu, imalukidwa ndi chiyani? Nyumba yatsopano imakhazikika, akamwini, imafunafuna pokhala pake. Mmisiri aliyense akuuzani zimenezi. Koma inu mwakatenga munthu wokhoma maboti. Boti lili ndi fawundeshoni? Wabwera wandiboolera lintala ndi tchizulo, ndipo mawa ikagwa mudzati ndi Pitala."

"Nanga zitsulo zanga zili kuti?"

"Pansi. M'fawundeshoni. Mukufuna tikumbe?"

Luka anakweza maso n'kuyang'ana mawindo obiriwirawo.

"Palibe chifukwa chokumbira, amalume. Ndikuziona."

A Pitala anavala magalasi pang'onopang'ono. Sanamuyang'anenso Luka. Anatembenukira kumphasa.

"Eveles, mwana wa mlongo wanga. Mayi ako anatisiya uli ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakutenga ndani? Yunifolomu ankakugulira ndani? Bambo awa atabwera ndi chikwama chimodzi, anawalozera malo ndani? Iwe unalipo tsiku lililonse pamene ndinkamanga, tiyi unkandiphikira ndiwe. Nena pano, amuna ako amve. Unandiona ine ndikuba?"

Eveles anaona. Anaona m'mawa wina ngolo ikutuluka ndi zitsulo zitafunditsidwa udzu, ndipo anauzidwa kuti zikukapindidwa. Anaona mtolo wa nsungwi ukung'ambidwa kuseri, ndipo anauzidwa kuti ndi zokwerapo. Sanafunse, chifukwa mwana safunsa amalume ake kawiri. Tsopano anamva maso a mwamuna wake akumudikira.

"Ayi, amalume."

"Kweza mawu."

"Sindinakuoneni."

"Mwamva, akamwini? Ine sindisunga mangawa. Mubwere ndi nkhuku, mupepese, zithe. Koma ngati nyumba sikukusangalatsani, malata ndi anu, zulani. Msewu wa ku Chitala simunauiwale. Njerwa, malo, mkazi ndi ana, izo ndi za pano."

Lolemba Luka anapita ndi tambala kukhwapa. Wobedwa anagwada n'kupepesa, ndipo a Pitala anamukhululukira ndi mtima wonse, tambalayo atamuyeza kaye kulemera m'manja. Kunyumba Luka sanakalipe. Anangosiya kuyankhula. Eveles akanakonda kukalipiridwa, chifukwa chete ameneyo ankamuwawa kuposa mbama.

Onse anayi anayamba kugona m'chipinda chimodzi, chakutsogolo. Kummawa, kutsidya kwa nyanja, mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse n'kubalalika. Eveles anabereka Mercy n'kutsikira ku Chipoka kukafuna nyumba ya lendi, osamuuza aliyense.

Anayamba ndi kwa a Margret, kuseri kwa chigayo, kumene ankadziwa kuti kuli kachipinda kamene chaka chatha mnzake ankalipira fifitini sauzande.

"Fifite," anatero a Margret, osasiya kusankha nyemba. "Miyezi itatu pamodzi."

"Fifite, amayi? Kachipinda kopanda windo kaja?"

"Windo mukaligona? Mwana wanga, nyanja yakwera chaka chino, yameza nyumba zonse za kugombe. Anthu aja akwera kuno. Ndikangoti kalipo, pofika madzulo abwera anthu asanu. Ana muli nawo angati?"

"Awiri."

"Iii, ayi. Ana amadzaza chimbudzi."

Anayenda mpaka kunjanji, anabwerera cha kumsika. Kwina sikisite, kwina nyumba ya zidina yodontha koma fote, kwina anamuseka asanamalize kufunsa. Mapazi atatentha anakakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo, ndipo anapezapo Habiba atavula masilipasi, akupuma.

Habiba amayanika usipa pa thandala loyandikana ndi la Eveles. Mwamuna wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, n'kumusiya ndi ana atatu. Nyumba yake inali m'madzi mpaka m'mawindo kuyambira mu Epulo.

"Mayi a Rukiya, nanunso muli pa ulendo womwewu?"

"Sabata yachitatu, mayi a Thoko. Kumsasa wa anthu othawa madzi anatichotsa. Pano tikugona mosungira nsomba mwa a Ayub, pakati pa matumba. Rukiya wanga akununkha usipa mpaka anzake kusukulu amamusiyira benchi yonse. Ndiye a Ayub akuti usipa wayamba kugwa, akufuna malo awo pakutha pa mwezi. Sindikuwada, ndi malonda awo." Anamuyang'ana Eveles. "Nanga inu a nyumba ya malata, lendi mukuifunira chiyani?"

"Ndikufunira mlamu wanga."

Habiba anangoti, "Oho," n'kuvala masilipasi ake.

Patapita masiku anayi a Pitala anafika pa njinga ndi theka la thumba la simenti, ndowa ya laimu ndi sowo. Anali osangalala ngati munthu wobwera ndi mphatso.

"Ndagona ndikuganiza za inu, ana anga. Magazi ndi magazi. Ndodo iyi ikutichititsa manyazi tonse, tiichotse."

Anagwira ntchito tsiku lonse, ndipo kunena zoona manja a a Pitala ndi aluso akafuna. Pansi pa lintala anakhomerapo thabwa, n'kulimata pulasitala. Mng'alu wa kuseri anautseka ndi mapepala a thumba la simenti, n'kumata pamwamba. Chitseko anachidula ndi sowo zala ziwiri, n'kuchibwezera. Bulugama anamugwetsa ndi phazi. Kenako laimu, kunja ndi m'kati. Pofika chakumadzulo nyumba inali mbee, yokongola kuposa tsiku limene analowamo, ndipo chitseko chinkatsekeka ndi chala chimodzi.

"Ndiye yachira, amalume?" anafunsa Eveles.

"Yavala," anayankha a Pitala akusamba m'manja. "Tamverani tsono. Inu bwererani m'kanyumba kanu kakale kaudzu kaja, muchotsemo nkhuku ndi makala. Muno mulowe munthu wa lendi. Chaka chino nyumba ya malata ikhale yopanda munthu, anthu akulirira malo? Sate sauzande pamwezi, sangakane aliyense. Chaka chikatha mwagula zitsulo ndi simenti, ine ndidzakumangirani lintala yatsopano ulere. Munthu ndamupeza kale. Abwera Lachisanu."

Atachoka, Eveles anadikira kuti Luka akane. Luka anali atakhala pa benchi akuyang'ana khoma loyeralo.

"Bambo a Thoko, simunena kanthu?"

"Ndinene chiyani? Amalume anu anena."

"A Latif anati ana asagonemo."

"Ana athu sagonamo."

"Nanga a eni ake? Amene akubwerawo alibe ana?"

"Sindinafunse. Inunso musafunse. Kusafunsa mumakudziwa bwino."

Eveles anamuyandikira.

"Tingotulukamo basi. Tikhale m'kanyumba kaja, iyi ikhale yotseka."

"N'kudya chiyani? Laimu? Mpamba wanga uli m'makoma awa, mayi a Thoko. Ine amene ndinkadzaza lole, lero ndikusenza matumba a anzanga kugombe, ana amene ndinawaphunzitsa ndekha kusankha usipa akundituma. Kugulitsa sitingagulitse, malo si anga. Lendi ku Chipoka mwakaiona nokha, musaganize kuti sindinamve. Kuchoka, ndisiya ana. Kukhala, khoma litigwera. Ndiuzeni khomo lina, ndituluke nalo."

"Koma kuika munthu m'menemo tikudziwa..."

"Iwe Eveles!" Luka anaimirira. Chikwatirane anali asanamutchulepo dzina chotero. "Tsiku lija ndinkafuna mawu amodzi okha kwa iwe. Amodzi. Unayang'ana pansi, ine ndinagwada ndi tambala mudzi wonse ukuona. Lero ndi pamene pakamwa pako patseguka? Unakhala chete chifukwa cha amalume ako. Khalanso chete chifukwa cha ana ako."

Eveles analira, ndipo chimene chinamuliza kwambiri n'chakuti mwamunayo sananame paliponse.

Lachinayi anasesa kanyumba kaudzu, anazira pansi, anasamutsa katundu. Bedi silinalowe, analiimika kunja pansi pa tsindwi. Thoko anafunsa chifukwa chimene akusiyira nyumba yokongola n'kukalowa mwa nkhuku, ndipo mayi ake anamukalipira popanda chifukwa. Masana kunagunda bingu kutali, cha ku Lifuwu, ndipo mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa.

Lachisanu m'mawa a Pitala anafika atavala jekete. Pambuyo pawo pankabwera wilibala yodzaza mapoto, mphasa ndi ndowa, akuikankha mtsikana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri. Tiana tiwiri tinkathamanga m'mbali. Kumapeto kwenikweni kunali mayi atasenza mtolo wa zofunda, mpango wakuda kumutu. Eveles anamuzindikira ndi kayendedwe asanaone nkhope. Anali Habiba.

"Alhamdulillah," anatero Habiba akutula mtolo pakhonde. Anayang'ana malata, anayang'ana khoma loyera. "Rukiya, taona. Windo lagalasi."

Tiana tija tinali titalowa kale, tikuthamanga chipinda ndi chipinda, mawu awo akumveka m'nyumba yopanda katundu. Kamodzi kanafuula kuchokera kuseri kuti chipinda ichi ndi chathu, chili ndi windo loona kunyanja.

"Eveles, pereka kiyi kwa mnzako," anatero a Pitala.

Kiyi anali m'manja mwake, atanyowa ndi thukuta. Luka anali ataima pafupi ndi kanyumba kaudzu, akuyang'ana kumbali. Amayi awiri ochokera kumjigo anali ataima pamsewu ndi ndowa pamutu, monga amachitira anthu akaona katundu akutsitsidwa.

"Eveles."

"Mayi a Rukiya," anatero Eveles, ndipo mawu ake anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, "musalowe m'nyumba iyi. Pamwamba pa khomo ili mulibe chitsulo, muli nsungwi. Makoma ndi mchenga. Kuseri kuli mng'alu wolowa dzanja, angoutseka ndi mapepala Lachiwiri lomweli. Mvula ikabwera kawiri, khoma limenelo ligwa."

"Mwana iwe, wayamba misala?" anatero a Pitala.

Eveles anatembenuka. Anawayang'ana m'maso, koyamba chibadwire.

"Ndinakuonani, amalume. Ngolo ija ndinaiona, zitsulo mutazifunditsa udzu. Nsungwi munkang'amba kuseri uku ndinaziona. Tsiku lija ndinanama, ndinawanamizira bambo a Thoko pamaso panu. Munandilera, ndikuthokoza, koma munatibera."

Pamsewu ndowa imodzi inatsitsidwa pansi. A Pitala anayang'ana kumsewuko. Anakonza jekete.

"Chabwino," anatero motsitsa. "Wakula. Kuyambira lero ukhoswe wanu ndautula. Mukadzakhala ndi maliro pakhomo pano, mudzaitane okhoma maboti." Anakwera njinga, ndipo phazi linaphonya pedulo kawiri asanayende.

Eveles anatsala ataima, akupuma ngati wathamanga. Zimene ankaziopa moyo wake wonse zinali zitachitika, ndipo pansi pa mantha anamva kupepukidwa. Wataya amalume, mwina wataya ndi mbumba yonse, koma ana atatu awa sagona pansi pa khoma limenelo. Anapukuta misozi n'kugwira chigwiriro cha wilibala kuti aitembenuze.

Habiba anaika dzanja pa wilibalayo.

"Isiyeni, mayi a Thoko."

"Simunamve zimene ndanena?"

"Ndamva. Ndinamva kale. A Latif amaswali mzikiti umodzi ndi achimwene anga. Za nsungwi ndinazidziwa tsiku lomwe anaziona. Ndodo ija ndinkaidutsa m'mawa uliwonse popita kuthandala. Mukuganiza kuti ine ndi mwana, nyumba ya zipinda zitatu ya malata, sate sauzande, chaka chino? Ndikudziwa chimene ndikulipira."

"Ndiye mukulowamo bwanji?"

"Ndikagone kuti?" Habiba sanakweze mawu. "Tandiuzani, ndipita pompano. A Ayub alowetsa matumba dzulo, tagona pakhonde. Kwa achimwene anga agona anthu khumi ndi mmodzi m'zipinda ziwiri. Fifite ya a Margret ndilibe, ndipo ana anga atatu amadzaza chimbudzi. Mvula ikubwera iyo, mwaimva nokha. Khoma lanu mwina ligwa, mwina silingagwe. Koma pakhonde pa a Ayub mvula ndiye ibwera ndithu, ndipo wamng'onoyu ali ndi chifuwa."

"Bwerani mukhale nafe m'kanyumba umu."

Habiba anasuzumira kanyumba kaudzuko, kamene bedi linakanika kulowa, n'kumwetulira pang'ono.

"Anthu asanu ndi atatu? Mulungu akudalitseni, muli ndi mtima. Mwanena zoona pamaso pa amalume anu chifukwa cha ine, sindidzaiwala. Koma kiyiyo ndipatseni."

Eveles anayang'ana kwa mwamuna wake. Luka anali atayandikira, ndipo nkhope yake inali ya munthu wofuna kunena zinthu zambiri. Anangoti, "Ndikatenga bulugama uja, ndimubwezere pakhomo. Wina ndikaimika kuseri."

"Zikomo, bambo a Thoko," anatero Habiba. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa ndalama zopindidwa n'kuziika m'dzanja la Eveles, kiyi n'kumutenga yekha. "Tsopano ndithandizeni chinthu chimodzi, inu mukuidziwa nyumbayi. Laimuyu wandisokoneza, paliponse pakuoneka bwino. Chipinda choipitsitsa ndi chiti?"

Eveles analowa naye. Anadutsa pabalaza, n'kukaima pa khomo la chipinda chakuseri, mmene tiana tija tinali titakwera pa windo tikulozerana maboti. Eveles anangoloza.

"Tulukani umo, inu," anatero Habiba. "Chanu ndi chakutsogolo, pamodzi ndi Rukiya."

"Amayi, ife tachikonda chino!"

"Ndati tulukani. Chino ndi cha akuluakulu."

Tianato tinatuluka tikung'ung'udza. Habiba anayeza chipindacho ndi maso, kuchokera pa khoma lakuseri mpaka pakhomo, n'kusankha pogona pafupi ndi khomo. Kenako anabwerera panja kukatenga mphasa yake. Inali yaitali, yovuta kupinda pa khomo, ndipo Eveles, misozi ikutsika osaipukuta, anagwira mbali inayo n'kumuthandiza kuilowetsa.